Chiphakasa chili pageti paja n'changa, ndipo sichichoka

Lachiwiri lapitali, cha m'ma 9 koloko usiku, mu gulupu ya WhatsApp ya anthu a mumsewu mwathu kuno ku Area 47 munagwa chithunzi. Chinali cha galimoto yanga ili pajeke kunja kwa geti, tayala limodzi litagona pa kapinga, miyendo yanga itatulukira kunsi. Amene anajambula sindiwatchula, akudzidziwa. Pansi pa chithunzicho analemba kuti kuno si ku Malangalanga, wofuna kutsegula galaja apite ku Biwi kapena ku Mtandire, chifukwa ziphakasa zikuchotsa ulemu wa dera lathu. Posakhalitsa panatsatira tizala tovomereza. Ndinatiwerenga, tinali 7. Kamodzi kanali ka abwana ena amene miyezi iwiri yapitayo anandiimbira foni m'mamawa kuti ndikawanyamulire matumba a simenti, poti m'galimoto mwawo simulowa fumbi.

M'gulupumo ndinangoyankha kuti, "Ndamva, zikomo." Ndi mmene tinaleredwera, wamkulu sayankhidwa pagulu. Koma pano ndi panga, ndiye ndiyankha mpaka ndimalize. Ndipo si aneba okhawo amene ndikuwayankha. Ndikuyankhanso inu anzanga a msinkhu wanga amene mukuwerenga izi pafoni muli pamzere wa mafuta, inu amene mukandiona ndi zikhadabo zakuda mumafunsa kuti, "Aise, zavuta chani? Bwanji osangoitanitsa ka Vitz?"

Tiyambe ndi dzina, chifukwa chimene mukuchitcha chiphakasacho chili nalo. Ndi Nissan 1400, ija akuluakulu amangoti Datsun mpaka lero. Galimoto zimenezi zinkapangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria. Zinayamba mu 1971 zili ndi dzina la Datsun 1200, ndipo yomaliza inatuluka m'fakitale mu 2008. Zaka 37, thupi lake pafupifupi lomwelomwelo. Olankhula Afrikaans anaipatsa dzina loti kanniedood, kutanthauza chinthu chokana kufa. Injini yake ndi A14, ya masilinda anayi, malita 1.4, yoyendera kabuleta. Mulibe kompyuta, mulibe chilichonse chofuna kulumikiza ku makina kuti chikuuze vuto. Ukatsegula boneti umaona dothi pansi, ndipo dzanja limafika paliponse. Kumbuyo imanyamula theka la tani, kapena kuti matumba 10 a chimanga. N'kagalimoto kakang'ono, kolira ngati makina osokera, koma kanapangidwa kuti munthu wamba wokhala ndi masipanala ochepa azitha kukakonza pansi pa mtengo.

Bambo anga anaigula ili yakale kale kwa munthu wina wochokera ku Joni, ine ndili ku pulayimale. Iwo ankagwira ntchito ku Capital Hill, ndipo amene makolo anu anali m'boma nthawi imeneyo mukudziwa kuti malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Chimene chinatilipirira sukulu ndi munda wa ku Mitundu, ndipo chimene chinkalumikiza mundawo ndi nyumba ino ndi pikapu imeneyi. Mu November inkapita ndi feteleza, mu May inkabwera ndi chimanga ndi mtedza. Inanyamula njerwa za mpanda umene ukutibisawu. Inathamangitsirapo amayi oyembekezera ku Bottom pakati pa usiku, kumene lero timati ku Bwaila. Inanyamula mabokosi a maliro, mipando ya chinkhoswe, nkhuni za paukwati. Ndikanena kuti mipanda yambiri ya kuno inamangidwa ndi mchenga wobwera pa ma Datsun, ma Peugeot 404 ndi ma Hilux akale, akuluakulu sanganditsutse. Dera limene mukuti likuchotsedwa ulemuli linabwera pamsana pa ziphakasa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Bambo atamwalira, galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango zaka 6. Makoswe anadya mawaya, mavu anamanga pamwamba pa chiwongolero, dzimbiri linaboola poponda mapazi moti umatha kuona udzu. Tsiku lina kunabwera anyamata ogula zitsulo zakutha. Anaizungulira, anaigogoda, n'kutchula mtengo wowerengera pa kilogalamu, ngati akugula nandolo. Madzulo ake amayi anandiitana. "Mwanawe, ine ndatopa. Ndikatuluka panja ndimaona ngati bambo ako akuwola kachiwiri. Ukonze kapena ndigulitse." Ndinapempha chaka chimodzi. Nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi digiri yowerengera ndalama, ndikugwira ntchito ku City Centre, koma ndisakudziwa kusiyanitsa sipanala ya 10 ndi ya 13. Chaka chimodzi chija chinasanduka ziwiri ndi theka. Amayi anapirira.

Tsono imvani chimene chinanditsegula maso. Loweruka lina ndili mu ovolosi, manja ali bii ndi girisi, pageti panaima chigalimoto choyera. Galasi linatsika pang'ono. "Iwe! Abwana alipo? Tathamanga ukawaitane." Munthuyo ndimamudziwa. Tinakhalapo limodzi pamsonkhano wa kuntchito, ndipo tsiku limenelo ankanditcha achimwene mpaka kundipatsa khadi lake. Apa sanandizindikire n'komwe, chifukwa sanandiyang'ane kumaso. Anaona ovolosi basi. Ndinaimirira, ndinapukuta manja, n'kumupatsa moni pomutchula ndi udindo wake. Anachita manyazi, anapepesa, anaseka chiseko cha munthu wogwidwa. Koma kupepesako n'kumene kunandipweteka kwambiri. Ankapepesa kuti anandiyesa wantchito. Kutanthauza kuti ndikanakhaladi wantchito, kapena makaniko, "iwe" uja akanakhala wondiyenera.

Nkhani yeniyeni ili apa, osati pa tayala logona pa kapinga. Tinaleredwa kuti sukulu ndi njira yothawira ntchito ya manja. Mwana akalephera mayeso timamuopseza kuti udzakhala makaniko, udzakhala kalipentala. Khasu tinalisandutsa chilango cha ochedwa m'kalasi. Zotsatira zake ndi ifeyo, anyamata ndi atsikana a madigiri awiriawiri amene tayala likaphwa pa Kaunda Road timaima, kuyatsa magetsi ophethira, n'kuyamba kuimba mafoni. Sitidziwa pamene pali jeke m'galimoto yathu yomwe. Ndipo umbuli umenewu timauvala ngati suti. Munthu amanena monyadira kuti ine za injini sindidziwa, ngati akunena kuti samwa kachasu. Kenako tikaberedwa ku galaja timalira kuti amakaniko ndi akuba. Inde, ena ndi akubadi. Koma wakuba amakonda munthu amene sadziwa chimene ali nacho, amenenso amanyansidwa ngakhale kusuzumira pamene akukonza.

Nanga galimoto zanu zimene zikusunga ulemu wa derali ndi zotani? Tisanamizane. Kupatula ochepa amene amagula zatsopano kapena kupatsidwa ndi kuntchito, tonsefe timayendera zotsala za ku Japan. Kumeneko galimoto imakayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyezetsako kumadula moti ambiri amaona kuti bola kuigulitsa. Ife timaiona pa Be Forward kapena pa SBT, timatumiza madola, imatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Lipoti la UNEP la 2020 linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018, maiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja galimoto zakale 14 miliyoni, ndipo Africa ndi amene analandira zambiri kuposa dera lina lililonse. Kaunjika amene tikuvala kumsana ndi kumapazi tikumuyendetsanso pamsewu. Sindikunyoza ayi, inenso Lolemba mpaka Lachisanu ndimapanikizana mu Sienta ngati wina aliyense. Ndikungoti kusiyana kwa galimoto yanu ndi yanga n'kwakuti yanu inakalambira kwa eni ake ku Nagoya, yanga inakalambira pakhomo pano. Yanu mukailiza imakulankhulani Chijapani chimene simukumva, wailesi yake sigwira masiteshoni ambiri a kuno mpaka muikemo kachipangizo, koma ndiye mwati yachilendo m'dera lino ndi yangayi. Eti?

Ndiye pali nkhani ya ndalama zakunja, imene tonse timaidandaula koma osafuna kudziona m'menemo. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kufika cha m'ma K1,700 kubanki, kwa mavenda ndiye osanena. Dziko limene limadalira kwambiri fodya wa ku Kanengo kuti lipeze madola, limene limagona pamzere wa petulo chifukwa ogulira mafuta asowa, ndi lomwelonso limene galimoto ikayamba kutsokomola limathamangira kuitanitsa ina. Madola amene tikutumiza ku Yokohama ndi omwewo amene akusowa pogula mankhwala ndi feteleza. Sindikunena kuti kapikapu kanga kapulumutsa chuma cha Malawi, nanenso masipeya ena ndimagula ochokera ku Joni. Koma ndalama zambiri zimene ndawononga zapita kwa wowotcherera wa ku Biwi, kwa wosoka mipando, kwa wokulunga mawaya a alternator. Zazungulira mu Lilongwe momwemuno, zagula ufa ndi makala, zalipira lendi.

Kwa amene mukufuna kuyesa, ntchito inayenda chonchi. Injini imene yakhala zaka osalira sumangoikamo batire n'kupotokola kiyi. Umachotsa mapulagi, kudonthezera oyilo m'masilinda, kudikira masiku angapo, kenako kuizunguza ndi sipanala kuti uone ngati sinagwirane. Yanga inazungulira, ndipo ndinavina ndekha pabwalo ngati wamisala. Thanki tinaitsitsa n'kuitsuka, chifukwa petulo akakhalitsa amasanduka ngati utomoni. Kabuleta ndinaiphwasula patebulo la kukhitchini amayi ali kutchalitchi, ndikujambula chithunzi chilichonse ndikachotsa kanthu kuti ndisasokoneze pobwezera. Ndinasokonezabe, kasipuling'i kamodzi kanatsala m'mbale. Pamenepa ndinaphunziranso chinthu chimene eni galimoto zakale ambiri sachiganizira. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, kuyambira 1982 pamene Ethco inayamba ntchito ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake kunabwera PressCane ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo amawononga mapaipi a labala akalekale mpaka kung'aluka. Paipi yodontha petulo pamwamba pa injini yotentha ndi moto umene ukungodikira tsiku. Mapaipi onse a mafuta ndinasintha ndisanatuluke n'komwe pageti.

Kenako mabuleki: mapaipi, malabala a m'masilinda, mafuta ake onse. Kenako chiwongolero ndi mabushi a masipuling'i akumbuyo. Kenako mawaya, ntchito ya miyezi itatu, chifukwa makoswe sanasiye mapu. Poponda mapazi tinadula zowola n'kuwotchererapo chitsulo chatsopano. Zimene ndinawonjezera n'zosaoneka ndi maso. Ndinachotsa mapointi mu distributor n'kuikamo zamagetsi kuti izilira msanga ngakhale m'chisanu cha June, ndinaika ma relay kuti nyali ziziwala mokwanira, ndinaika malamba atsopano. Penti ndi yomaliza ndipo sindinafikepo, n'chifukwa chake chitseko chimodzi n'chofiira, boneti ndi yotuwa, kwina konse n'koyera mwa kalekale. Ndikudziwa kuti izi n'zimene zikukupwetekani m'maso. Koma galimoto ikukunyansaniyo inakayezedwa, COF ili pagalasi, inshuwalansi ilipo. Mwa eni tizala 7 tija, ndi angati amene akukumbukira tsiku limene anasintha mafuta a mabuleki?

Sindinachite ndekha. YouTube inandithandiza, koma YouTube simva kulira kwa injini yako. Amene anandiphunzitsa ndi madala ena a ku Mtandire, komwe mukuti ndipiteko. Anakonza ma Datsun ndi ma Peugeot ine ndisanabadwe. Sukulu analekezera ku pulayimale. Amatenga screwdriver yaitali, nsonga kuigunditsa pa injini, chogwirira kuchiika kukhutu, n'kukuuza kuti ndi valavu iti imene ikugogoda. Tsiku lina ndinathyola bawuti chifukwa cha phuma. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abwana aang'ono, chitsulo sichimva Chingelezi. Thirani mafuta, kamweni tiyi, mubwere mawa." Ndinawapempha kuti asiye kunditcha abwana. Pano amati mwana wanga, ine ndimati madala, ndipo chimanga chootcha timadyera pa tayala limodzi. Anandiphunzitsanso kugula. Masipeya abodza adzaza m'tauni, bokosi lokongola mkati muli zinyalala. Ine ndinagulapo pampu ya madzi imene inatha milungu itatu yokha. Iwo amangoitenga m'manja, kuimva kulemera, kuyang'ana mmene anaisulira, n'kuibweza kwa wogulitsa osalankhula. Koma maso ayamba kuwavuta, manja akunjenjemera. Ana awo ali pa kabaza, safuna za girisi, ndipo sindiwaimba mlandu, anaona mmene bambo awo amaitanidwira pamageti athu. Tsiku limene madalawa adzatsikire kulichete nzeru zonsezi zidzapita nawo, ndipo ife a madigiri tidzalemba pa Facebook kuti ku Malawi kulibe luso.

Chimene chimandiseketsa ndi ichi. Anthu omwewa amene akunyansidwa ndi zitsulo pageti ndi amene amagawana zithunzi za William Kamkwamba monyadira. Mnyamata wa ku Wimbe, ku Kasungu, anasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kumakatola zitsulo zotayidwa, fani ya thirakitala, chimango cha njinga, mapaipi a pulasitiki, mpaka anapanga makina a mphepo opangira magetsi. Anthu a kwawo ankati wayamba misala. Atakalankhula ku TED ku Arusha mu 2007, buku litatuluka mu 2009, filimu ya Chiwetel Ejiofor itafika pa Netflix mu 2019, tonse tinasanduka abale ake. Ndiye ndifunse. Akanakhala kuti zitsulo zakezo ankaziunjika mumsewu mwathu muno, chithunzi chake sichikanagwa mu gulupu? Ife luso la manja timaliombera m'manja likadzera kunja litavala suti. Likakhala pafupi, likununkha oyilo, timaliitanira akhonsolo.

Anzathu anazindikira kale. Ku Kumasi, ku Ghana, kuli dera lotchedwa Suame Magazine, kumene amisiri masauzande ambirimbiri amakonza ndi kusula zitsulo za galimoto, ndipo ndi amodzi mwa malo aakulu a ntchito zotere mu Africa. Ku Kenya a jua kali, ogwira ntchito padzuwa, ali ndi mabungwe awo ndipo boma limawawerengera. Ku Havana galimoto za ku America za m'ma 1950 zikuyendabe, chifukwa njira yogulira masipeya itatsekeka anthu anaphunzira kusula okha, ndipo lero alendo amalipira kuti akwere. Ngakhale kwa opanga makina komweko anthu akumenyera ufulu wokonza okha katundu wawo. Ku Massachusetts anavotera lamulo lotere lokhudza galimoto mu 2012, ndipo European Union inakhazikitsa lake la katundu wa m'nyumba mu 2024. Iwo akuthamangira kunyumba za malamulo kufuna chimene ife tili nacho kale ku Biwi ndi ku Malangalanga, chimene tikuchita nacho manyazi. TEVETA ilipo kuyambira 1999, Lilongwe Technical College ikuphunzitsa umakaniko chaka ndi chaka. Koma ndi makolo angati a ku Area 47, Area 10 kapena Area 43 amene angaime paukwati n'kunena mokweza kuti mwana wanga ali ku Technical? Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ma Aqua ndi ma Note amene adzaza m'tauniwa akukalambanso. Batire la hybrid likadzatha, giyabokosi ya CVT ikadzayamba kulira, mudzafuna munthu wa ovolosi, wodziwa zambiri kuposa madala anga. Adzachokera kuti, ngati mwana aliyense wanzeru timamuuza kuti girisi ndi wa olephera?

Tsopano mbali yanga, chifukwa sindikufuna kunama kuti ndipambane mkangano. Aneba ali ndi mfundo zina zoona. Galimoto yakale siteteza munthu pangozi ngati yatsopano. Yanga ilibe ma airbag, ilibe ABS, ndipo thupi lake silinapangidwe kuti lizipindika mopulumutsa wokwera. Ngakhale Nissan Hardbody, imene inali ikugulitsidwa yatsopano, sinapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha akuluakulu pamene a Global NCAP anaiyesa mu 2018. Nanga yangayi? N'chifukwa chake sindithamanga nayo, sindiyenda nayo usiku pa M1, ndipo kumbuyo sindikweza munthu, ngakhale pamaliro andinene kuti ndine wouma mtima. Matola atimalizira abale ambiri. Injini ya kabuleta imatulutsanso utsi woipa kuposa ya makono, ndipo imamwa mafuta kuposa ka Mira kanu. Za ndalama ndiye musandifunse. Amene akuuzeni kuti kukonza galimoto yakale n'kotchipa akukunamizani. Komanso ndikudziwa kuti masewerawa ndikuwatha chifukwa ndili ndi bwalo la makolo ndi malipiro a pamwezi. Kwa ine ndi chisangalalo cha Loweruka. Kwa madala a ku Mtandire ndi nsima.

Ndinalakwitsanso zina. Ndinalizapo grinder Lamlungu m'mamawa anthu akugona. Pa ichi ndinapepesa, ndipo ndikupepesanso. Poyamba oyilo wakuda ndinkangomuthira kuseri kwa mpanda, mpaka nditaganiza kuti mvula ikagwa zonsezo zimatsikira ku Lingadzi, kumene anthu amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba zimene timagula ife tomwe. Pano ndimamusunga m'zigubu zotseka. Ndipo inu anzanga okonda galimoto zakale, amene mumayamba ndi marimu onyezimira, masipika ogwedeza mawindo a anthu ndi ekizozi yoboola dala, chonsecho mabuleki ndi opopa katatu, inu ndi amene mumatipatsa mbiri yoipa. Galimoto imene siima si yokonzedwa, ndi bokosi la maliro lopenta. Ndiye aneba, mukati ndichepetse phokoso, ndichepetsa. Mukati ndisasiye zitsulo pamsewu usiku, ndamva, ndipo ndayamba kale kulowetsa zonse dzuwa likamalowa. Kunja kwa geti ndimagwirirako chifukwa ndi pokhapo pali simenti yosapendekeka, ndipo jeke pamalo opendekeka amapha. Koma mukati ndichoke chifukwa kuona munthu akugwira ntchito ndi manja kukutsitsa mtengo wa nyumba zanu, pamenepo ndiye tisiyana.

Mwezi wa May chaka chino ndinapita nayo ku Mitundu koyamba. Amayi anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo, monga ankakhalira kale. Tinadzera pa bypass n'kukakhotera msewu wa ku Bunda. Njira yonse sanalankhule. Titayandikira kumunda anangoti, "Giya yachitatu ija ikulirabe chimodzimodzi." Nditayang'ana kumbali ndinawaona akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Pobwera tinanyamula matumba 8, osati 10, chifukwa nkhalamba suisenzetsa ngati mnyamata. Panjira wapolisi wina anatiimitsa, anaizungulira kawiri, anayang'ana COF, kenako anafunsa ngati ndikugulitsa. Ulendo umenewu sukutsimikizira mfundo zanga za madola ndi kwacha, ndikudziwa. Koma usiku umenewo amayi anadya nsima mitanda iwiri, ndipo za ogula zitsulo sanatchulenso.

Ndiye aneba anga okondedwa, chiphakasa sichichoka. Loweruka likubwerali, kuyambira 9 koloko, osati m'mamawa, ndikhala ndikusintha ma bearing a tayala lakutsogolo, ndipo madala abwera. Ana anu awiri aja amene amasuzumira pageti lanu ndikamagwira ntchito, amene mumawakalipira kuti alowe angade, atumizeni. Wamng'onoyo anandifunsa kale kuti pulagi imagwira ntchito yanji, ndipo anamvetsa msanga kuposa mmene ndinamvera ine. Ovolosi yapadera ilipo, sopo aliponso. Inunso bwerani ndi galimoto yanu ndikuonetseni pamene pali jeke ndi poyezera oyilo, zaulere. Ndipo inu abwana a simenti, nambala yanga ndi yomweija. Mukadzafunanso pikapu ndidzabwera ndithu. Koma tsiku limenelo mudzakhale kutsogolo, galasi lotsitsa, tidzadutse msewu wonsewu pang'onopang'ono, aliyense akuoneni.